Kodi mayi wapakati ali ndi mawu pa uchembere wake?

M'Chichewa, mayi woyembekezera timati ndi wapakati, ndipo akuluakulu amamasulira kuti ali pakati pa moyo ndi imfa. Ena amati ndi wodwala, ndipo akabereka timati wachira. Mawu amenewa akusonyeza kuti makolo athu ankadziwa kuopsa kwa uchembere. Koma akusonyezanso kuti mayiyo amatengedwa ngati wodwala, munthu womuganizira ena. M'nkhani ino tiona amene amagamula za uchembere m'Malawi muno.

Tiyambe ndi panyumba. M'madera ambiri, matenda akayamba, mayi sanyamuka yekha kupita kuchipatala. Kumene kuli chikamwini amadikira mawu a mwinimbumba kapena a ntchembere za kuchikazi, pomwe kumene kuli chitengwa amadikira mwamuna ndi apongozi. Akachedwa kuchira, ena amamukayikira kuti anayenda ndi amuna ena ndipo amamukakamiza kuulula. Enanso amamumwetsa mwanamphepo kuti matenda afulumire, mankhwala amene angathe kung'amba chiberekero. Nthawi yonseyi mwini mimba safunsidwa.

Chachiwiri ndi malamulo a boma ndi a mafumu. M'chaka cha 2007 boma linaletsa azamba kubereketsa amayi, koma mu 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anachotsa chiletsocho. Mu 2012 Pulezidenti Joyce Banda anakhazikitsa ntchito ya uchembere wabwino ndipo anadalira mafumu monga Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu. M'midzi yambiri, banja la mayi wochirira pakhomo kapena panjira linayamba kulipitsidwa nkhuku, mbuzi kapena ndalama. Zinthu zinasinthadi. Kafukufuku wa boma wa 2004 anapeza kuti amayi 984 mwa ana 100,000 obadwa amoyo ankamwalira pa zifukwa za uchembere, pomwe wa 2015 mpaka 2016 anapeza 439. Pa nthawi yomweyo ana 91 mwa 100 aliwonse ankabadwira kuchipatala.

Komabe tiyenera kufunsa: kodi mayi wopita kuchipatala poopa kulipa mbuzi wasankha yekha? Chindapusa chimagwera kwambiri wosauka wokhala kutali, amene wasowa ndalama ya kabaza. Apa mphamvu yangochoka kwa apongozi n'kupita kwa amfumu, mayi uja akadali womvera.

Chachitatu ndi m'chipinda chochiriramo. Bungwe la World Health Organization linalangiza mu 2018 kuti mayi asamaliridwe mwaulemu, akhale ndi munthu womuperekeza amene wamusankha yekha, komanso asankhe kakhalidwe kamene akufuna pobereka. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limapatsanso munthu ufulu wosankha chiwerengero cha ana ndi nthawi yowabereka. Ufulu umenewu umagwira ntchito pokhapokha namwino akafotokoza m'chinenero chimene mayi akumva, n'kupempha chilolezo asanamugwire thupi. Mayi amene wakalipiridwa pochira savutika kubwerera kwa azamba pa mimba yotsatira.

Pomaliza, kuchirira kuchipatala kumapulumutsa moyo, ndipo malangizo a akuluakulu ndi ofunika. Koma amene amasenza mimba miyezi isanu ndi inayi ndi mayi. Banja, mfumu ndi namwino amupatse uthenga woona, mayendedwe ndi ulemu, kenaka amve chimene iye wanena.