Ankhoswe akuti ana ndiwatumize kumudzi

Funso

Alangizi, ndinalowa banja lachiwiri ndili ndi ana awiri. Poyamba amuna angawa ankawakonda, koma masiku ano bambo wa anawa akangotumiza ndalama ya fizi, pakhomo pamavuta. Amuna angawa amasecha foni yanga, amati ndikuyendabe ndi mwamuna wakale. Mwezi watha anandikanyanga pakhosi mpaka ndinaona chidima. Ankhoswe akuti ndipirire, ana ndiwatumize kwa agogo awo. Kodi nkhanzazi zingathe ndikatero?

*Mayi wa ana awiri, Mchinji*

Yankho

Mayi, musayembekezere kuti ana akachoka nkhanza zitha. Chimene chikuwawa amuna anuwo ndi chakuti munali ndi mwamuna wina iwo asanabwere, ndipo anawo amangowakumbutsa zimenezo. Ana akapita kumudzi nsanje idzatsala, inu mudzatsala nayo nokha.

Abambo ambiri amalera bwino ana owapeza, koma zomwe mwalongosolazi ndi zodziwika. Ku Canada, Martin Daly ndi Margo Wilson anapeza kuti amayi okhala ndi ana a mwamuna wina amaphedwa ndi amuna awo kawirikawiri kuposa anzawo. Kafukufuku wa Jacquelyn Campbell wa mu 2003, m'mizinda 11 ya ku America, anapezanso zomwezo. Nsanje yolondalonda mkazi ndi chizindikiro china choopsa.

Chandidetsa nkhawa kwambiri ndi kukanyanga pakhosiko. Mwamuna amene wafika pamenepo akhoza kupha, ndipo nkhaniyo yapitirira msinkhu wa ankhoswe. Pitani kuchipatala ngakhale pakhosi pasakuoneka bala, makamaka ngati mawu asasa kapena mukuvutika kumeza, ndipo adokotala alembe zonse. Mukatero kaonaneni ndi a Victim Support Unit kupolisi. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 limapatsa khoti mphamvu yoletsa mwamuna kukuyandikirani, ngakhale kumutulutsa m'nyumba.

Mukaganiza zochoka, amuna anuwo musawauze kapena kuwaopseza nazo mukamakangana, chifukwa nthawi yosiyana ndi pamene ngozi imakula. Chiphaso chanu cha unzika, mabuku akuchipatala a ana ndi kandalama pang'ono kasungitseni kwa m'bale wodalirika. Anawo muwafunse paokha, modekha, ngati nawonso akumenyedwa kapena kugwiridwa mosayenera. Mungathe kuimba mwaulere pa 5600, kapena pa 116 pa nkhani za ana, koma mukaimba muzifufuta nambalayo, poti foni yanu amaisecha.