Nkhupakupa Zikupha Agalu M'makomboni

M'komboni galu ndiye mlonda wa pakhomo. Akaleka kudya ndi kufa patapita masiku atatu, eni ake amafulumila kunena kuti anansi amudyetsa poizoni, ndipo mkangano umabuka. Koma kawili-kawili cimene capha galu cimakhala m'khutu mwake momwemo, ndico nkhupakupa.

Nkhupakupa ikamayamwa magazi imalowetsa tuzilombo m'thupi. Tuzilombo tochedwa Babesia tumaswa maselo ofiila a magazi. Galu amatentha thupi, amangogona, ndipo mkodzo wake umafiila kapena kuda ngati tiyi wopanda mkaka. Mwini galu ayenela kutukula mlomo wa galuyo ndi kuona nkhama. Za galu wamoyo bwino zimakhala zofiilila. Zikayela kapena kukhala zacikasu, ndiye kuti magazi acepa kwambili, ndipo galuyo apite kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo.

Tuzilombo twina, tochedwa Ehrlichia, tumadwalitsa pang'ono-pang'ono. Galu amaonda, ndipo nthawi zina amatuluka magazi m'mphuno. Mankhwala ake ndi doxycycline, amene galu amamwa masiku 28 osadumphitsa.

Pali anthu ena amene amagula Berenil ya ng'ombe ndi kulasa galu nyeleti okha. Mankhwalawa amaphadi Babesia, koma akapitilila muyeso amawononga ubongo wa galu ndi kumupha. Dokotala amayamba wapima kulemela kwa galu asanamulase. Mwini galu amene amangoyelekeza ndi maso akuseweletsa moyo wa ciweto cake.

Kusambika galu kokha sikukwanila. Nkhupakupa yofiilila ya agalu imabisala m'ming'alu ya cipupa ndi pamalo pogona galu, ndipo yaikazi imodzi imaikila mazila masauzande. Conco masaka ogonapo galu acapidwe kapena kutenthedwa, ming'alu imatidwe, ndipo udzu wa pabwalo udulidwe, maka-maka m'dzinja. Mankhwala osambitsila akhale olembedwa kuti ndi a agalu. Oilo yakuda ya motoka ndi palafini zimaocha khungu, ndipo galu akanyambita amadwala.

Pocotsa nkhupakupa, munthu aigwile pafupi ndi khungu ndi kuikoka pang'ono-pang'ono osaipotola, kenaka aiponye pamoto ndi kusamba m'manja ndi sopo. Asaiphwanye ndi zala. Nkhupakupa zimaluma anthu nawonso, motelo mwana akatentha thupi ndipo ali ndi kacilonda kakuda polumidwa, makolo auze a kucipatala za nkhupakupayo.