Mpira wa Lachiwiri ndi Moyo wa Makolo Athu

Khutba ya Ijumaa, 21 Januwale 2022, mwezi wa Jumada al-Akhirah 1443, ya m'mizikiti ya ku Moatize ndi ku Zóbuè

Khutba yoyamba

Tikumutamanda Allah amene anatibwereka matupi amenewa, ndipo adzatifunsa mmene tinawasungira. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wake Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse. Abale ndi alongo m'Chisilamu, tikudzilangiza ife eni poyamba, kenako inu, kuti timuope Allah poyera ndi mseri momwe.

Sabata ino nkhani ili pakamwa pa aliyense ndi ya mpira. Abale athu a ku Malawi, timu ya Flames, adutsa ndime yoyamba ya mpikisano wa CAN ku Cameroon, chinthu chimene sichinachitikepo. Anagonjetsa Zimbabwe 2-1, nalepherana ndi Senegal popanda chigoli. Lachiwiri likudzali, pa 25 Januwale, akumana ndi Morocco ku Yaoundé, ndipo kuno masewerawo adzayamba usiku, Swala ya Isha itadutsa. Mambas athu kulibe kumeneko, koma ku Zóbuè malire sanadule ubale: ambiri mwa ife tili ndi amalume ku Mwanza ndi azakhali ku Neno. Tikudziwa kuti usiku umenewo mabaraka ndi nyumba zoonetsera kanema zidzadzaza mpaka pakhomo.

Sitikunena kuti mpira ndi haramu. Masewera olimbitsa thupi Chisilamu sichinawaletse, malinga ngati sakutiiwalitsa Swala ndipo mulibe juga. Chimene tikufuna tilingalire lero ndi ichi: kodi m'chipinda chodzazacho muyenera kupezeka bambo wa zaka 65, kapena mayi wodwala shuga, pamene mliri wa Covid-19 udakali pakati pathu?

Tiyambe ndi mmene nthendayi imayendera. Kachilombo kake kamatuluka ndi mpweya wa munthu akamapuma, akamalankhula ndi akamatsokomola, ndipo kamatuluka kwambiri akamakuwa. Tsono taganizirani chipinda cha malata, mawindo otseka chifukwa cha mvula ya Januwale, anthu okhala phewa ndi phewa kwa maola awiri. Chigoli chikalowa, masiki amatsika, anthu amakuwa ndi kukumbatirana. Munthu mmodzi yekha amene ali ndi kachilomboko, iye mwini osadziwa, angathe kupatsira ambiri. Akuluakulu anati tsoka silinunkha. Mtundu wa kachilombo umene ukuzungulira tsopano, wa Omicron, umene unadziwika mu Novembala 2021, umafala msanga kuposa imene inatsogola. Ngakhale timu ya Flames yomweyo sinaulewe: mphunzitsi wawo Mario Marinica ndi osewera angapo anapezeka nawo mpikisano uli pafupi kuyamba.

Wachinyamata akautenga, kawirikawiri amamva chimfine, mutu ndi kuphwanya m'thupi, n'kuchira. Kwa wokalamba nkhani ndi ina. Chitetezo cha m'thupi chimafooka ndi zaka, ndipo mapapo sakhala ndi mphamvu zakale. Amene ali ndi shuga, kuthamanga kwa magazi, nthenda ya mtima, kapena amene anadwalapo chifuwa chachikulu, ngozi yawo ndi yaikulu koposa. Kuno ku Moatize tili ndi makolo amene apuma fumbi la malasha zaka zambiri, ndipo zifuwa zawo n'zotopa kale. Mpweya ukayamba kuperewera pakati pa usiku, wa ku Zóbuè ali ndi ulendo wa makilomita oposa 100 kuti akafike ku chipatala chachikulu cha mumzinda wa Tete.

Zimenezi zinaonekapo kale kwina. Pa 19 Febuluwale 2020, anthu pafupifupi 40,000 a mumzinda wa Bergamo ku Italy anapita ku Milan kukaonera timu yawo ya Atalanta ikusewera ndi Valencia. Anapambana, nabwerera akusangalala. Patangotha mwezi umodzi, magalimoto a asilikali ndiwo ankanyamula mabokosi a maliro kutuluka nawo mumzindamo, ndipo ambiri mwa omwalirawo anali okalamba. Madokotala ambiri a kumeneko amakhulupirira kuti masewera aja anathandiza kufalitsa mliriwo. N'chifukwa chake masewera a Olimpiki a ku Tokyo anachitika mu 2021 mabwalo ali opanda oonerera, ndipo ku Cameroon lero salola munthu kulowa m'bwalo popanda umboni wa katemera ndi wakuti wayezedwa. Nanga pakhomo pa baraka yathu, ndani amene amafunsa zimenezo?

Wina anena kuti: tsiku la imfa linalembedwa kale, kukhala kunyumba sikungalisunthe. Funso limeneli si lachilendo. Cha m'chaka cha 18 cha Hijra, Khalifa Umar bin al-Khattab, Allah asangalale naye, anali pa ulendo wa ku Sham. Atafika pamalo otchedwa Sargh anamva kuti kutsogoloko kwagwa mliri. Anafunsira maganizo kwa maswahaba, naganiza zobwerera. Abu Ubaida bin al-Jarrah anamufunsa ngati kuteroko sikunali kuthawa chikonzero cha Allah. Umar anamuyankha kuti kubwererako nako n'chikonzero cha Allah, napereka fanizo la mbusa wa ngamira amene wafika m'chigwa cha mbali ziwiri, ina ya msipu, ina youma: kulikonse kumene angadyetse ndi mwa chifuniro cha Allah, koma wanzeru amasankha kwa msipu. Kenako Abdur-Rahman bin Auf anafika n'kuwauza zimene anamva kwa Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, zoti dziko limene muli mliri lisalowedwe, ndipo amene ali m'katimo asatulukemo. Umar anathokoza Allah nabwerera ku Madina. Pambuyo pake, Amr bin al-As atakhala mtsogoleri ku Sham, analamula anthu kuti abalalike n'kukakhala m'mapiri, ndipo mliriwo unazilala. Amenewa anali anthu oyadzamira mwa Allah kuposa ife, koma sanaone kusamala ngati kuchepa kwa chikhulupiriro.

Tikumbukirenso za masiku athu ano. Mu 2020 mizikiti yathu inatsekedwa, tinkaswali m'nyumba. Hajj ya 2021 inaloledwa kwa anthu 60,000 okha okhala ku Saudi Arabia, obayitsa katemera, ndipo opitirira zaka 65 sanaloledwe. Ngati nkhalamba inauzidwa kuti idikire pa nsanamira yachisanu ya Chisilamu pofuna kusunga moyo wake, kodi singadikire pa mpira wa mphindi 90?

Khutba yachiwiri

Kuyamikidwa n'kwa Allah yekha. Abale athu, tsopano tinene zoti tichite.

Inu makolo athu, amene mwadutsa zaka 60 ndi amene muli ndi matenda a mgonagona, Lachiwiri khalani kunyumba. Mverani pa wailesi, kapena onerani pakhonde pamene mphepo ikudutsa, pamodzi ndi a m'nyumba mwanu. Ngati simunabayitse katemera, kapena munalekeza panjira, pitani kuchipatala mukamalize. Katemera amachepetsa kwambiri ngozi yodwala mwakayakaya. Mukamva kutentha thupi musangoti ndi malungo a dzinja n'kugula mankhwala pamsika, kayezetseni. Mpweya ukayamba kubanika musabise poopa kuvutitsa ana. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Inu achinyamata, Allah anaika kuchitira zabwino makolo pafupi ndi kumupembedza Iye yekha. M'nyengo ino, kuchitira zabwino agogo ndi kuwabweretsera mpira kunyumba osati kuwabweretsera nthenda. Amene ali ndi foni kapena kanema awaonetse. Mukasankha kupita kugulu, valani masiki, khalani pafupi ndi khomo, ndipo masiku otsatirawo musagone chipinda chimodzi ndi okalamba. Amene akutsokomola asapite konse, ngakhale kuno kumzikiti asabwere kufikira atachira, ndipo alibe tchimo pa zimenezo.

Inu eni mabaraka, tulutsani kanema panja ngati mvula yalola, tsegulani mawindo, chepetsani anthu olowa. Ndalama za usiku umodzi sizingalipire maliro a kholo la mnzanu.

Tikupempha Allah achiritse odwala athu, akhululukire amene anatisiya ndi mliriwu, atalikitse moyo wa makolo athu m'kumumvera Iye, ndipo achotse mliri m'dziko la Mozambique, la Malawi ndi m'maiko onse. Amin. Imirirani tiswali.