Injini ya gyroplane ikazima m'mwamba, chimachitika n'chiyani?

Mukaiona pachithunzi mungati ndi helikopita yaing'ono, koma ayi. Pa helikopita, injini ndiyo imazunguza mapiko a pamwamba aja. Pa gyroplane injini imangozunguza pulopela, kawirikawiri kumbuyo kwa woyendetsa, kuti ndegeyo izipita kutsogolo. Mapiko a pamwambawo amazunguzidwa ndi mphepo imene imawadutsa kuchokera pansi kupita m'mwamba. Mukukumbukira tsamba la mango lija munkalibaya pa kamtengo n'kumathamanga nalo? Linalibe injini, koma linkazungulira bola muzithamanga basi.

Amene anayambitsa ndegeyi ndi Juan de la Cierva wa ku Spain, ndipo inauluka bwinobwino koyamba mu 1923. Zoyamba zake zinkagubuduka. Chifukwa chake ndi masamu ophweka: phiko lopita kutsogolo limakumana ndi mphepo ya liwiro lake kuphatikiza liwiro la ndege, pamene lobwerera kumbuyo limakumana ndi liwiro lake kuchotsera la ndege. Ndiye mbali imodzi imanyamula kwambiri kuposa inzake. Iye anaika mahinjesi potsinde pa mapiko kuti aziweyula m'mwamba ndi pansi, kunyamulako n'kufanana. Helikopita zambiri zinatengera nzeru yomweyi.

Tsono injini ikazima? Ndege imayamba kutsika, mphepo n'kumabwerabe kuchokera pansi, mapiko osasiya kuzungulira. Woyendetsa wophunzitsidwa bwino angathe kutera pabwalo laling'ono. Apa mpamene ambiri amathamangira kunena kuti gyroplane ilibe ngozi, ndipo ineyo ndimakana.

Mapikowa moyo wawo uli pa mphepo yochokera pansi ija. Woyendetsa akakhala akukwera kenako n'kukankhira chiwongolero kutsogolo mwadzidzidzi, thupi limapepuka ngati mmene mumamvera minibasi ikadumpha pa hampu. Mapiko nawonso amapepukidwa, mphepo yosiya kuwadutsa bwino, ndipo m'masekondi ochepa liwiro lawo limagwa. Pulopela ija ikadali kukankha, moti ingathe kutembenuza ndege yonse chamutu. Zikafika apo, palibenso chochita. Ku America, kuyambira m'ma 1950, Igor Bensen ankagulitsa mapulani oti munthu adzipangire yake pakhomo. Ambiri ankadziphunzitsa okha kuuluka, ndipo ena anafa mwa njira imeneyi.

N'chifukwa chake ngakhale munthu wofuna kungouluka mosangalala Loweruka kawirikawiri amafunika laisensi yakeyake ya gyroplane. Ku Britain, bungwe la Civil Aviation Authority limafuna maola osachepera 40 a maphunziro a m'mlengalenga, kuwonjezera pa mayeso olemba. Ku America laisensi ya ouluka mwamasewera imayambira pa maola 20, ndipo munthu akhale atakwanitsa zaka 17. Ngakhale wozolowera ndege wamba amayenera kukhalanso pansi ndi mphunzitsi, pakuti dzanja lake linazolowera kukankhira chiwongolero kutsogolo liwiro likachepa, zomwe pa gyroplane, akazichita mwaphuma, zimapha.