Mabuleki a Njinga Yamagetsi

Munthu akaima m'mbali mwa msewu mu Lilongwe dzuwa likungotuluka, amaona njinga zosawerengeka zikulowera kumsika ndi kumalo a ntchito. Zina zimachokera ku Chinsapo zitasenza makala, zina ku Mgona ndi ku Area 25, ndipo zina ndi za kabaza zonyamula anthu a ku Biwi ndi ku Kawale. Chisandukireni likulu la dziko lino m'chaka cha 1975, mzindawu wakula kwambiri, kotero kuti anthu ochuluka amakhala kutali ndi kumene amagwira ntchito. Kwa iwowa njinga ndiyo miyendo yawo.

Njinga zakale, monga Humber ndi Hero, zimaimitsidwa ndi timphira tiwiri timene timakanikiza limu. Njinga ya Buffalo imaima wokwera akabweza zopalasira m'mbuyo. Koma njinga zambiri zamakono zili ndi mabuleki a mtundu wina, otchedwa a disiki. Disiki ndi kachitsulo kopyapyala, kozungulira ngati mbale ya ndiwo, komangidwa pakati pa gudumu. Nzeru imeneyi si yatsopano ayi. Mmisiri wina wa ku Birmingham, dzina lake Frederick Lanchester, adaiyesa pa galimoto m'chaka cha 1902, koma panjinga yafika mochedwa.

Ku Kawale kudali mmisiri wina amene ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Tsiku Loweruka lililonse ankathandizidwa ndi mwana wa mlongo wake, mnyamata wa Sitandade 5. Ntchito ya mnyamatayo idali kupopa matayala, kuviika machubu m'madzi pofuna pobooka, ndi kupatsira atsibweni ake zipangizo.

Loweruka lina m'mawa padafika bambo wina wa ku Area 23 akukankha njinga yachilendo. Njingayo idali ndi zopalasira ngati inzake, koma idalinso ndi batire ndi mota yothandiza kuzunguza gudumu lakumbuyo. Bamboyo adabwera nayo kuchokera ku Johannesburg kumene adagwirako ntchito, ndipo tsopano ankaperekera mazira m'magolosale. Thalauzi lake lidali matope okhaokha, ndipo pakaliyala pankadontha mazira osweka.

"Mwadzuka bwanji, amisiri?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu bambo? Nanga kwagwanji?"

"Ndadzuka, koma pang'onong'ono ndikadapha mwana wa eni ake," adayankha bamboyo mawu akunjenjemera. "Ndimatsika mtsetse wopita kumtsinje wa Lilongwe pamene kamtsikana kanadumpha msewu. Ndinagwira mabuleki onse awiri mpaka zogwirira zake kugunda chiwongolero, koma njinga osaima. Ndiye ndinangoikhotetsera m'ngalande. Chonde ndikungireni waya wa buleki msangamsanga, ndili ndi changu. Ndakhala ndikumukunga ndekha, koma lero ndilibe sipanala."

"Mwamukunga kangati?" adafunsa mmisiri uja.

"Katatu chiyambire mvula."

Mmisiriyo adapukusa mutu. "Ngati mwakunga katatu ndipo njinga siikuimabe, ndiye kuti nthenda siili mu waya. Khalani apa pabenchi, bambo. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Asanagwire china chilichonse, adazimitsa njingayo nachotsa batire, naliika pamthunzi. Mnyamata uja adafunsa chifukwa chake. "Zala zathu zilowa pakati pa masipoko," adatero atsibweni ake. "Mota ikati idzidzimuke zala zili m'menemo, mawa ulemba ndi chiyani kusukulu?"

Kenaka adapachika njingayo kunthambi ya mango ndi chingwe kuti magudumu alendewere. Adayamba waona ngati gudumu lakumbuyo lidakhala bwino m'malo mwake ndiponso ngati manati ake adali olimba, pakuti gudumu lopendekera limapendeketsanso disiki. Atakhutira, adauza mnyamatayo kuti agwire pepala loyera kuseri kwa buleki, iye nazunguza gudumu pang'onopang'ono. Pepalalo lidathandiza kuti kampata kakang'ono ka pakati pa zitsulo kaoneke bwino. Disiki inkayenda bwino, koma ikafika pamalo ena inkakhotera mbali imodzi ndi kulira kuti tswee. Idapindika pamene njinga idagwera m'ngalande. Mmisiriyo adapukuta sipanala yake ndi kansalu koyera, napana nayo pamalo opindikawo, naiwongola mofatsa, pang'ono chabe nthawi iliyonse, kufikira kulira kuja kudatha.

Tsono adaonetsa mphwake mmene buleki yotere imagwirira ntchito. Pafupi ndi pakati pa gudumu pali kachitsulo kooneka ngati nsagwada, kamene amisiri amati kalipa. Disiki imadutsa m'kamwa mwa kalipako. M'katimo muli tizidutswa tiwiri tolimba, kena mbali ino kena mbali inayo, timene timatchedwa mapadi. Wokwera akakoka chogwirira, waya amakoka kamkono ka kalipa, ndipo kamkonoko kamakankha padi kuti ikanikize disiki.

"Tola chivundikiro cha chitinicho," adatero atsibweni. "Chigwire ndi chala chachikulu ndi chala chamkombaphala." Mnyamata adachigwira, ndipo iwo atachikoka sichidachoke. "Tsopano chotsa chala chachikulu, ukanikize ndi chimodzi chokhacho." Chivundikiro chidagwa pansi nthawi yomweyo.

"Waona? Buleki imagwira ngati zala ziwiri. Koma pamabuleki ambiri a waya, padi imene imayenda ndi imodzi yokha, yakunjayi. Yamkati, ya mbali ya masipoko, imangokhala chilili. Yakunja imakankha disiki kuti ipindike pang'ono n'kukagunda yamkati, ndipo apo ndiye disiki imapanidwa. Padi yamkatiyi ikamadyeka, mpata umakula, ndipo disiki imalephera kuipeza. Ikatero imatsala ikugwidwa ndi chala chimodzi."

"Nanga waya akakungidwa sizithandiza, atsibweni?"

"Zimathandiza masiku awiri kapena atatu, ndipo m'pamene anthu amanamizika. Taona kamkonoka. Kali ndi mtunda wake woyenda, kuchokera apa kufika apa. Bambowa pokunga waya katatu akakokera pafupi ndi mapeto ake. Tsono akagwira buleki kamayenda pang'ono n'kufika pothera, mphamvu isanafike padisiki."

Bambo wa mazira uja adangogwira pakamwa.

Mmisiriyo adasolola mapadi akumbuyo nawaika padzanja la mnyamatayo. Adali atatha, kutsala kachigamba kopyapyala kuposa chikhadabo, ndipo mbali ina chitsulo chidali chitayamba kuonekera. Padi ikatsala yosakwana milimita imodzi, nthawi yake yakwana. Ikapitirira pamenepo chitsulo chimayamba kukhula chitsulo chinzake, ndipo disiki imaonongeka. Disiki nayonso imadyeka, ngakhale mochedwa. Zambiri zikakhala zatsopano zimanenepa mamilimita 1.8, ndipo zikaonda kufika pa 1.5 zimayenera kusinthidwa. Mwamwayi ya bamboyu idali idakali bwino. Mmisiri adatsegula chitini chake natulutsa mapadi awiri atsopano, nayamba wawayerekeza ndi akalewo, popeza mapadi ali ndi maonekedwe osiyanasiyana ndipo salowa m'kalipa kalikonse.

Atawaika m'malo, adamasula waya kuti kamkono kabwerere pamalo ake oyambira. Adalowetsa kachitsulo kopindika kotchedwa aleni kiyi pakati pa masipoko, napotokola kabawuti kamene kamasendeza padi yamkati. Adaisendeza mpaka idakhudza disiki, kenaka adaibweza pang'ono kuti gudumu lizungulire momasuka. Mpata umene udatsala udali wongokwana kakhadi ka mayunitsi. Adamasulanso pang'ono mabawuti awiri amene amagwira kalipa, nakasuntha kufikira mapadi onse awiri adayang'anizana bwino ndi disiki. Pomanga, sadamalize bawuti imodzi n'kupita ku inzake ayi. Ankamanga iyi pang'ono, iyo pang'ono, mosinthanasinthana, kuti kalipa kasapotoke. Pomalizira pake ndipo adakoka waya kuti angochoka kulendewera, namumanga. Chotsala adachikonza ndi zala pa kanati kozungulira kamene kali pamene waya amatulukira ku chogwirira.

"Tayesa," adauza mnyamata. Iye adakoka chogwirira, ndipo chidalimba chisanafike ndi theka lomwe la ulendo wake. Pakati pa chogwirira ndi chiwongolero padatsala mpata wolowa zala ziwiri.

Mapadi akutsogolo adali adakali ndi moyo, choncho adangosendeza yamkati ndi kubweza waya m'malo mwake. Koma gudumu lakutsogololo litazungulira n'kugwidwa buleki, lidalira mosokosa kuti kwiii! Mnyamata uja adadziwa kuti tcheni chikamalira chimafuna mafuta. Mosafunsa adathamangira botolo la oyilo, nalipendeketsa pamwamba pa disiki.

"Ima pomwepo!" adakuwa atsibweni ake, namugwira mkono dontho lisanagwe. Mnyamatayo adachita manyazi nazyolika. Atsibweniwo adatsitsa mawu. "Safunsa adadya phula, mphwanga. Mafuta ndi abwino pamene tifuna kuti zitsulo ziterereke, monga patcheni ndi m'mabelingi. Koma buleki imaimitsa njinga chifukwa cha kukhulana. Ukaithira mafuta imakhala chete ndithu, koma siigwiranso. Ndiponso mapadi amamwa mafuta ngati siponji, ndipo akamwa ndiye kuti aonongeka. Ngakhale thukuta la m'manja mwathumu siliyenera kufika padisiki."

Chimene chinkaliritsa bulekiyo lidali fumbi ndi matope a m'ngalande. Adapukuta disiki ndi kansalu koyera konyowetsedwa ndi sipiriti, nakhula pang'ono nkhope za mapadi ndi sandipepala, ndipo phokoso lidachepa.

Kodi n'chifukwa chiyani mmisiriyu adasamala chotere ndi njinga imeneyi? Njinga yamagetsi imalemera chifukwa cha batire ndi mota. Zambiri zimapitirira makilogalamu 20 zisananyamule kanthu. Imathamanganso osatopetsa mwini wake, ndipo zambiri mota yake imathandiza wokwera mpaka pa liwiro la makilomita 25 pa ola limodzi. Tsono pali lamulo la chilengedwe limene aliyense wokwera njinga ayenera kulidziwa. Liwiro likawonjezeka kawiri, mtunda umene mabuleki amafuna kuti aimitse njinga suwonjezeka kawiri ayi, koma kanayi. Njinga imene imaima pa mamita 2 ikamayenda pang'onopang'ono idzafuna mamita 8 ikathamanga kuwirikiza kawiri. Mamita 6 owonjezerawo ndiwo amene mwana wodumpha msewu amakhalamo. Pachifukwa chomwecho mapadi a njinga yamagetsi amatha msanga, makamaka m'dzinja pamene matope ndi mchenga zimalowa m'kalipa.

Padatsala chinthu chimodzi. Njinga zambiri zamagetsi zili ndi kaswitchi m'chogwirira cha buleki, kamene kamazimitsa mota wokwera akangokoka. Kakafa, mota imakankha njinga kutsogolo pamene mabuleki akuibweza. Mmisiri adabwezeretsa batire njinga idakali yopachika, nauza onse kuti aime patali. Adayatsa mota, gudumu lakumbuyo nkuyamba kuzungulira. Atangokhudza chogwirira chakumanja mota idakhala chete. Adayesanso chakumanzere, ndipo zidachitika chimodzimodzi.

Adatsitsa njinga, nauza mwini wake kuti aikwere pabwalo lapafupi lopanda anthu. "Mapadi atsopano sagwira bwino tsiku loyamba mpaka atazolowerana ndi disiki," adatero. "Thamangani pang'ono, mugwire buleki mofatsa mpaka njinga itatsala pang'ono kuima, kenaka muyambirenso. Chitani chomwecho kakhumi kapena kuposerapo. Muzigwira mabuleki onse awiri pamodzi. Yakutsogolo ndiyo ili ndi mphamvu zambiri, koma mukaikoka yokha modzidzimutsa ikugwetsani chafufumimba."

Bamboyo adazungulira bwalo kambirimbiri. Ulendo womaliza adaima pafupi ndi mtengo wa mango, njinga nkuima nji pamalo pomwe adafuna. Mnyamata adatambasula dzanja kuti akhudze disiki, koma adakumbuka, nayang'ana atsibweni ake. "Ingoyandikiza, usakhudze," adatero iwo. Iye adayandikiza chikhatho namva kutentha ngati kwa chiwaya chimene changochoka pamoto.

"Liwiro lonse lija lasanduka kutentha kumeneko," adatero atsibweni.

Bambo wa mazira adalipira, nathokoza. Mmisiri adamuuza kuti m'mawa uliwonse asananyamuke aziyamba wakankha njinga ndi kugwira buleki iliyonse payokha, ndipo akaona chogwirira chikuyandikira chiwongolero abwere nayo asanakhudze waya. Mnyamata adalemba tsikulo m'kope la atsibweni ake kuti adzadziwe miyezi imene mapadiwo adzakhale.

Bamboyo asanazimiririke pa ngodya, padafika mnyamata wa kabaza akukankha njinga yake. "Amisiri, tandikungirani waya wakumbuyoyu, ndili ndi changu," adatero. Mwana uja sadadikire kuuzidwa. Adatenga chingwe ndi pepala loyera lija, nayamba kupachika njingayo kunthambi ya mango.

Mafunso

1. Kodi bambo wa ku Area 23 adagweranji m'ngalande?
2. N'chifukwa chiyani mmisiri adachotsa batire asanayambe ntchito?
3. Fotokozani zimene mnyamata adaphunzira pogwira chivundikiro cha chitini.
4. Kodi kukunga waya katatu kudaononga chiyani pabuleki?
5. Tchulani malo apanjinga amene amafuna mafuta ndi amene safuna.
6. Njinga ina imaima pa mamita 3. Kodi idzaima pa mamita angati liwiro lake likawirikiza kawiri?
7. Perekani tanthauzo la mwambi wakuti "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Zochita

Pangani ziganizo zomveka bwino ndi mawu awa: mtsetse, kunga, zyolika, chafufumimba, pana.

Pitani ndi aphunzitsi anu kwa mmisiri wokonza njinga wa kwanuko. Muoneni akukonza buleki, ndipo mujambule mtundu wa buleki umene mwaona ndi kulemba mayina a ziwalo zake.