CHICORY WA M'BOTOLO

Ana ambiri anamwapo chicory osadziwa. Khofi wa m'zitini kawiri-kawiri amasanganizidwa ndi muzu wa comera ici, umene anthu amaumitsa, naukazinga, naupera. Amacilima kwambiri ku Belgium ndi kumpoto kwa France, ndiponso kufupi ndi Alexandria m'dziko la South Africa. Caka coyamba cimakulitsa muzu wonga karoti. Caka caciwiri cimacita maluwa a mtundu wa thambo.

Inu mudziwa cimanga ca haibridi, monga SR52 imene inaturuka mu 1960 m'dziko limene lero ndi Zimbabwe. Pocipanga, alimi amazula ngayaye za m'mizere ya mai, kuti mungu ucokere ku mizere ya bambo yokha. Kwa chicory zimenezi sizitheka. Duwa lace ndi mulu wa timaluwa tating'ono, kali konse kali ndi cacimuna ndi cacikazi comwe, ndipo limamasula m'mawa ndi kufota masana. Ndani angathe kutisadzula munda wonse? Cinanso, comeraci cimakana mungu wace womwe, kotero kuti kholo labwino likapezeka, mbeu zace zimabala ana osiyana nalo.

Apa ndi pamene botolo lithandiza. Mlimi wa cinangwa sabzala njere, koma amadula phesi, ndipo comera cace cifanana ndi mace. Akatswiri amacita comweco ndi kacidutswa ka tsamba kocepa ngati cikhadabo. Amakatsuka m'mankhwala opha tizirombo, nakaika m'botolo pa cakudya conga phala lozizira. Phalalo amalipanga ndi shuga, mcere wa mitundu-mitundu, mankhwala ofulumiza mphukira, ndi agar wocokera ku ndere za m'nyanja. Muyeso wace wodziwika anaulemba Murashige ndi Skoog mu 1962.

Ukhondo ndiwo mutu wa nchitoyi. Mabotolo ndi phala amaziphika m'nthunzi yotentha madigiri 121, pakuti kambeu kamodzi ka cuku kakalowa, kamakula msanga koposa tsambalo ndi kukuta zonse. Patapita masabata owerengeka, m'mbali mwa kacidutswa muja mumatupa, nimuturuka mphukira. Izi amazisamutsira m'botolo lina kuti zicite mizu, kenaka ku dothi, atazifunditsa, cifukwa sizinazolowere mphepo youma. Tsamba limodzi limabala makolo ambiri ofanana ndendende.

Nanga bvuto la mungu lija? Thupi la comera linamangidwa ndi tizipinda tosaoneka ndi maso, dzina lace maselo. Mu 1993 akatswiri a ku Lille, m'dziko la France, analengeza kuti analumikiza maselo a chicory ndi a mpendadzuwa wosabala mungu, nalera m'botolo chicory wa maluwa opanda mungu. Ameneyo akabzalidwa m'mizere ya mai, njuci zimamtengera mungu wa bambo wokha, ndipo mbeu zace zonse ndi haibridi.

MAFUNSO
1. Cifukwa ninji alimi amazula ngayaye za cimanga?
2. Fotokozani m'mene tsamba limasandukira comera m'botolo.