Kodi ndigulitse mdadada wanga wa pa Golomoti?

Woulutsa: Kalata iyi yachokera kwa bambo wina wa pa Golomoti. Akuti: "Mu 2021 ndinamanga mdadada wa zipinda zinayi za lendi kufupi ndi msika. Wina akufuna kuugula pamtengo wowirikiza kawiri ndalama zomwe ndinalowetsa. Mwana wanga ku Lilongwe akuti ndigulitse, tikagule fulati kumeneko. Nditani?"

Katswiri: Bambo, dekhani kaye. Kuwirikiza kawiriko kukukoma m'khutu, koma kumbukirani kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pitani kogulitsa zipangizo, mukafunse mtengo wa simenti, malata ndi misomali lero, muwonjezere amisiri. Kodi ndalama akukupatsanizo zingamangenso mdadada womwewo? Ngati sizingathe, mukugulitsa moluza. Zimandipweteka kuona anthu akusangalala ndi mtolo wa ndalama, chonsecho atsala opanda nyumba.

Komanso pamalo panu si pochepa. Golomoti ndi pamphambano: msewu wa M5 wa Salima ndi Balaka, wolowera ku Monkey Bay, ndi wotsika Khwekhwelere, yonse ikumana pomwepo. Mu 2022 kampani ya JCM inayamba kupanga magetsi a dzuwa okwana mamegawati 20 konko. Wogulayo waziona zonsezi, n'chifukwa chake wakulondolani.

Woulutsa: Nanga n'chiyani chimagwetsa mtengo wa nyumba?

Katswiri: Mapepala. Nyumba yokhala ndi kalata ya amfumu yokha, banki siilandira ngati chikole, ndiye ogula amachepa, mtengo n'kutsika. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kulembetsa malo otere. Kafunseni ku ofesi ya za malo ku khonsolo ya Dedza. China ndi madzi: kuchigwako wogula wanzeru amabwera kudzaona puloti mu Febuluwale, nthawi ya mvula.

Za fulatiyo, mwana wanu afunse ngati ili ndi pepala la umwini lakelake, osati la nyumba yonse. Denga likadontha akonza ndani? Mlonda alipira ndani? Popanda mayankho olembedwa, mudzavutika kuigulitsanso.

Ndikanakhala ine, bambo, ndikanayamba ndalembetsa malowo, lendi n'kumalandirabe. Wogulayo ngati alidi wotsimikiza, adikira.